Mapu a M'thumba la Chikhoti

Belo la Lachiwiri ndinalidula ndi mpeni wobwereka.
Munatuluka madiresi, masokosi opanda anzake,
ndipo pansi penipeni chikhoti cholemera ngati mwana wa mbuzi,
chaubweya mkati, chonunkha nyumba ya eni.
Mu Okutobala! Kuno ku Moatize
kumene phula la msewu wa ku Zobwe limamata patapata.
Anzanga pamsika anaseka chogwira nthiti:
Jenoveva, lero kalamidade yakugweradi.

M'thumba lamkati munali pepala lopinda kanayi.
Mapu ojambula pamanja: zilumba zisanu ndi ziwiri,
zombo za makosi aatali ngati a kakowa,
zilembo zina zodulidwa pakati ndi kamzere,
ndi mndandanda wa mafumu, aliyense ndi kachisoti kake.
Pamwamba: Haldiviki. Dzina lokhalo ndinatha kutchula.
Zotsalazo ndinadzaza ndekha
masana opanda wogula, ntchentche zikundimvetsera.

Woyamba anali Orimundi, wosula misomali.
Sanabadwe mfumu.
Nyanja itauma gwa ngati simenti
anayenda pamwamba pake ndi anthu makumi anayi
mpaka pa chilumba cha mitengo yosayoyola masamba.
Anati: kuno dzuwa limatisiya miyezi itatu,
choncho aliyense azisunga moto wa mnzake.
Lamulo lonse linali lomwelo.

Mwana wake Asivigi ankanunkhiza mphepo
n'kudziwa kumene kwagona nsomba.
Anapalasa kumwera ndi mchere ndi mafuta a namgumi,
anabwerako ndi balere, mikanda ndi chifuwa chachilendo.
Adzukulu ndiwo anayamba kuwerenga zombo.
Zana. Mazana atatu.
Chombo chilichonse chinali nkhalango dzulo lake.
Zilumba za ena zinayamba kupereka msonkho
wa zikopa, uchi, ndi anyamata a mapewa otakata.

Wachisanu ndi chimodzi, Turigeri Wamano Achitsulo,
anamva kuti pansi pa midzi pali mwala wakuda
woyaka kuposa nkhuni, wofewetsa malupanga.
Anasamutsa anthu ndi manda awo omwe,
n'kuwapatsa nyumba zofanana, m'mizere, pathanthwe
pomwe khasu limalira koma osalowa.

Apa Ermelinda, mwana wanga, anasiya kupinda malaya.
Amayi, zimenezo si za ku Haldivikinso.
Ndinati: khala chete, unapitako iwe?
Sitima ya malasha inkadutsa, mabogi otopetsa kuwerenga,
fumbi lake likutera pa madiresi oyera.

Ufumuwo sunagwe ndi nkhondo.
Kunabwera chisanu chokana kuchoka,
chipale chofewa chinakwirira migodi mpaka kukamwa.
Mitengo kunalibe. Anasonkhezera nkhafi,
kenaka zombo, kenaka zitseko,
ndipo aliyense anakumbatira khala lake
osaponya diso kwa woyandikana naye.
Mpando wachifumu unayaka usiku umodzi wokha.
Amati unali wa mtengo wabwino, sunafuke utsi.

Dzina lotsiriza lili pa mpindo, linafufutika.
Lilibe kachisoti.
Mwina inki inatha, mwina wojambulayo
anali mwana amene anaitanidwa kukadya
n'kuiwala ufumu wonse m'chikhoti cha atate ake.

Chinakhala pa hang'ala miyezi isanu ndi iwiri.
Mu Meyi kunabwera bambo wa ku Tsangano
atagulitsa mbatatesi zake zonse,
wa milomo yong'aluka ndi mphepo ya kwawo.
Anachiyesa, chinamufika m'mawondo.
Tinakangana mpaka mametikali mazana atatu.

Ndisanachipinde ndinatsegulanso pepala lija.
Zilumba zinali zisanu ndi zitatu.
Chatsopanocho cha bolopeni ya kusukulu,
chili ndi mlambe, mbuzi ziwiri,
ndi mzimayi atakhala pa belo, kamwa yasa.
Ermelinda ankayang'ana kumbali, akutafuna masawu.

Ndinabwezera pepalalo m'thumba lamkati.
Bamboyo anakwera lole, chikhoti chili m'khwapa,
thukuta likutsika m'khosi.